Art Shell: Wosewera Wotsekulira Anzake Njira Amene Adakhala Mphunzitsi Wamkulu Wakuda Woyamba mu NFL ya Makono

Arthur Lee Shell Jr., yemwe amadziwika ndi dzina loti Art Shell, ndi katswiri wakale wa mpira wa ku America amene adasewera timu ya Raiders kwa zaka 15, kuyambira 1968 mpaka 1982, kenako n'kudzaiphunzitsa maulendo awiri. Pa 3 Okutobala 1989 iye adasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa timuyi, ndipo adakhala munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindo wotere mu ligi ya National Football League, NFL mwachidule, chichokereni zaka za m'ma 1920.

Mbiri ya Shell ili pawiri. Monga wosewera, iye amawerengedwa pakati pa akatswiri ochepa kwambiri amene adasewerapo pamalo ake. Monga mphunzitsi, adapambana masewero ambiri kuposa omwe adagonja, komabe adachotsedwa ntchito ndipo adadikira zaka 11 asanapatsidwenso mwayi wotsogolera timu. Nkhani yake imatchulidwa kawirikawiri pokambirana za momwe anthu amalembedwera ntchito za maudindo akuluakulu m'masewero a m'dziko la America.

Ntchito ya lineman

Mpira wa ku America ndi wosiyana ndi mpira wa miyendo womwe Amalawi adauzolowera. Timu iliyonse imalowetsa osewera 11 m'bwalo lotalika mayadi 100, omwe ndi mamita pafupifupi 91. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti isunthe mpirawo mayadi 10, pothamanga nawo kapena pouponya. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina inayi, ndipo ikalephera mpira umapita kwa adani. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, komwe kumatchedwa touchdown, kumapatsa timu mapointi 6.

Kutsogolo kwa timu yomwe ili ndi mpira kumaima amuna asanu a matupi akuluakulu, ndipo aliyense wa iwo amatchedwa lineman. Wapakati ndi center, amene amayambitsa sewero popereka mpira cham'mbuyo kudzera pakati pa miyendo yake. Mbali zonse ziwiri za iye kumakhala guard, ndipo kumapeto kwa mzerewo, kumanzere ndi kumanja, kumakhala tackle. Ntchito yawo ndi iwiri: kukankha adani kuti wothamanga ndi mpira apeze podutsa, ndiponso kutchinjiriza woponya mpira, wotchedwa quarterback, kuti asagwetsedwe asanaponye.

Malamulo saloleza amuna asanuwa kulandira mpira woponyedwa kutsogolo, kupatula pa zochitika zapadera. Choncho sapatsa timu mapointi, ndipo dzina la lineman limamveka kwambiri pamene walakwa. Komabe aphunzitsi amavomereza kuti timu yopanda mzere wolimba singapite patali, ngakhale ikhale ndi othamanga aliwiro chotani. Shell adasewera ngati tackle wa kumanzere, malo omwe amakumana ndi adani aliwiro ndi amphamvu kwambiri. Kwa quarterback woponya ndi dzanja lamanja, tackle wa kumanzere ndiye amamuteteza kumsana, komwe iye saonako.

Ubwana ndi maphunziro

Shell adabadwa pa 26 Novembala 1946 mumzinda wa Charleston, m'chigawo cha South Carolina, pa nthawi yomwe malamulo a kummwera kwa America ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'zipatala ndi m'malo odyera. Iye anali woyamba kubadwa m'banja mwawo. Mayi ake adamwalira ali ndi zaka 15, ndipo adathandiza bambo ake kulera azibale ake aang'ono. Maphunziro a sekondale adachitira pa Bonds-Wilson High School ku North Charleston, yomwe inali sukulu ya ana akuda.

Atamaliza sekondale adapita ku Maryland State College, m'tauni ya Princess Anne, koleji yaing'ono yomwe idakhazikitsidwa pofuna kuphunzitsa anthu akuda ndipo pambuyo pake idasintha dzina kukhala University of Maryland Eastern Shore. M'zaka zimenezo mayunivesite akuluakulu ambiri a kummwera sankalola osewera akuda m'matimu awo, choncho makoleji otere ndiwo ankatulutsa akatswiri ochuluka. Kumeneko Shell ankasewera mbali zonse ziwiri, pomenya nkhondo ndi potchinga, ndipo ankaseweranso basketball.

M'chaka cha 1968 timu ya Oakland Raiders idamutenga kudzera mu ndondomeko yotchedwa draft, momwe matimu amasinthana posankha achinyamata ochokera m'makoleji. Iye adasankhidwa mu ndime yachitatu, ali wa nambala 80 pa osewera onse a chaka chimenecho.

Zaka 15 m'bwalo

Zaka ziwiri zoyambirira Shell sankayamba nawo masewero, ndipo ankalowa makamaka pa nthawi yomenya mpira ndi mwendo. M'chaka cha 1970, pansi pa mphunzitsi John Madden, adapatsidwa malo a tackle wa kumanzere ndipo adawagwira kwa zaka zoposa 10. Anali wamtali mamita 1.96, ndipo mabuku a timu ankamulemba kuti amalemera makilogalamu 120. Ankavala jezi ya nambala 78.

Pambali pake pankaima Gene Upshaw, guard wa kumanzere. Awiriwa adasewera limodzi kwa zaka zoposa 10, ndipo Raiders ikafuna mayadi ovuta kawirikawiri inkathamangitsa mpira kudzera mbali yawoyo. Khalidwe lawo linali losiyana. Upshaw anali wolankhulalankhula, ndipo pambuyo pake adatsogolera bungwe la osewera a NFL kuyambira 1983 mpaka imfa yake mu 2008. Shell anali wofatsa ndi wosachulutsa mawu. Pakati pa 1971 ndi 1973 mzere wa Raiders udali ndi Shell, Upshaw, Jim Otto ndi Bob Brown, ndipo onse anayi adadzalowa m'nyumba yolemekezera akatswiri ya Pro Football Hall of Fame.

Ngakhale inali timu yamphamvu, Raiders idavutika kutenga chikho. Pakati pa 1968 ndi 1975 idagonja maulendo 6 pa masewero omwe akadaifikitsa ku Super Bowl, fainolo ya mpira wa ku America. Maulendo awiri otsiriza idagonja kwa Pittsburgh Steelers.

Zinthu zidasintha mu sizoni ya 1976, pamene timuyi idapambana masewero 13 ndi kugonja kamodzi kokha. Pa 9 Januwale 1977, pa bwalo la Rose Bowl ku Pasadena, Raiders idagonjetsa Minnesota Vikings ndi mapointi 32 kwa 14 mu Super Bowl XI. Tsiku limenelo Shell adayang'anizana ndi Jim Marshall, mmodzi mwa otchinga odziwika a Vikings, ndipo Marshall adatuluka m'bwalo osagwetsa wosewera ndi mmodzi yemwe. Raiders idathamanga ndi mpira mayadi 266, ambiri mwa iwo kudzera kumanzere. Masewero amenewa ndiwo amatchulidwa kwambiri pofotokoza luso la Shell, ndipo umboni wake ndi zomwe mdani wake adalephera kuchita.

Chikho chachiwiri chidabwera pa 25 Januwale 1981 ku New Orleans, pamene Raiders, motsogozedwa ndi mphunzitsi Tom Flores, idagonjetsa Philadelphia Eagles ndi mapointi 27 kwa 10 mu Super Bowl XV. M'chaka cha 1982 timuyi idasamukira ku Los Angeles, ndipo Shell adasiya kusewera kumapeto kwa sizoni imeneyo.

Pamodzi, iye adasewera masewero 207 a mu ligi. Adasankhidwa maulendo 8 kukasewera mu Pro Bowl, masewero a akatswiri osankhika, kuyambira 1972 mpaka 1978 ndiponso mu 1980. Mu 1974 ndi 1977 adaikidwa m'gulu loyamba la All-Pro, lomwe ndi mndandanda wa osewera opambana onse pamalo awo.

Kuyamba uphunzitsi

M'chaka cha 1983 mwini wa Raiders, Al Davis, adalemba Shell ntchito yophunzitsa ma lineman a timuyi. Sizoni yomweyo Raiders idatenga chikho chachitatu pogonjetsa Washington Redskins ndi mapointi 38 kwa 9 mu Super Bowl XVIII, pa 22 Januwale 1984. Motero Shell ali nawo pa zikho zonse zitatu za timuyi, ziwiri monga wosewera ndipo chimodzi monga wothandizira mphunzitsi.

Flores atapuma, Davis adatenga Mike Shanahan kuchokera ku Denver Broncos mu 1988. Awiriwa sadamvane, ndipo timu idayamba sizoni ya 1989 ndi kupambana kamodzi pa masewero anayi. Davis adachotsa Shanahan n'kuika Shell, yemwe pa nthawiyo anali ndi zaka 42. Miyezi iwiri m'mbuyomo, Shell anali atangolowetsedwa kumene mu Pro Football Hall of Fame ku Canton, m'chigawo cha Ohio.

Chifukwa chake kusankhidwa kwake kudali nkhani yaikulu

Shell sadali munthu wakuda woyamba kuphunzitsa timu mu ligiyi. Ulemu umenewo ndi wa Fritz Pollard, amene mu 1921 ankasewera komanso kuphunzitsa nawo timu ya Akron Pros, ligi idakali yakhanda. Koma kuyambira 1934 mpaka 1945 mu NFL mudalibe wosewera wakuda ndi mmodzi yemwe, ngakhale padalibe lamulo lolembedwa lowaletsa. Khomo lidatsekukanso mu 1946, pamene Los Angeles Rams idalemba Kenny Washington ndi Woody Strode.

Pofika 1989 osewera oposa theka mu ligiyi anali akuda, koma matimu onse 28 ankatsogozedwa ndi aphunzitsi omwe sadali akuda. Masewero ena anali atapita kale patsogolo: Bill Russell adayamba kuphunzitsa Boston Celtics ya basketball mu 1966, ndipo Frank Robinson adatsogolera Cleveland Indians ya baseball mu 1975. NFL idatsalira m'mbuyo kwa zaka zambiri.

Davis adanena kuti sadasankhe Shell chifukwa cha khungu lake, koma chifukwa chakuti anali munthu wa Raiders. Mawuwa adali ndi choonadi chake: Shell anali atakhala m'timuyi zaka zoposa 20, ndipo mwini wake ankamudziwa bwino. Koma adaonetsanso gwero la vutolo. Eni matimu ankalemba ntchito anthu amene ankawadziwa kale, ndipo aphunzitsi akuda ambiri sadali m'gulu la odziwika kwa iwo.

Mphunzitsi wamkulu, 1989 mpaka 1994

Masewero ake oyamba adachitika pa 9 Okutobala 1989, ndipo Raiders idagonjetsa New York Jets ndi mapointi 14 kwa 7. Pa masewero 12 omwe adatsala sizoniyo, timuyi idapambana 7 ndi kugonja 5.

Chaka chake chabwino kwambiri chidali 1990. Raiders idapambana masewero 12, idagonja 4, ndipo idatsogola m'gulu lake la AFC West. Shell adalandira mphoto ya mphunzitsi wopambana wa chaka m'chigawo cha AFC. Mu ndime ya chipulula timuyi idagonjetsa Cincinnati Bengals ndi mapointi 20 kwa 10, koma pa masewero omwewo wothamanga wake wotchuka, Bo Jackson, adavulala m'chiuno ndipo sadasewerenso mpira wa ku America. Patatha sabata imodzi, pa 20 Januwale 1991, Buffalo Bills idaswa Raiders ndi mapointi 51 kwa 3 pa masewero olowera ku Super Bowl.

Mu 1991 timuyi idapambana 9 ndi kugonja 7, ndipo idatulutsidwa ndi Kansas City Chiefs mu ndime yoyamba ya chipulula. Mu 1992 idapambana 7 ndi kugonja 9, chaka chokhacho pa ulendo woyambawu chomwe idagonja kwambiri kuposa kupambana. Chaka chimenecho mkangano wa pakati pa Davis ndi wosewera wotchuka Marcus Allen udatulukira poyera, ndipo anthu ambiri adayamba kufunsa ngati mphunzitsi anali ndi mphamvu zenizeni pa timu yomwe mwini wake ankalowerera pa zambiri. Mu 1993 Raiders idapambana 10 ndi kugonja 6, idagonjetsa Denver Broncos ndi mapointi 42 kwa 24, kenako idatulutsidwanso ndi Buffalo Bills, ulendo uno ndi mapointi 29 kwa 23.

Mu 1994 timuyi idapambana 9 ndi kugonja 7 koma idalephera kulowa mu ndime ya chipulula. Mu Febuluwale 1995 Davis adachotsa Shell ntchito. Pa nthawiyo iye anali atapambana masewero 54 a mu ligi ndi kugonja 38, ndipo anali atafikitsa timu mu ndime ya chipulula katatu. Patapita zaka, Davis adavomereza poyera kuti adalakwitsa pomuchotsa.

Zaka 11 za kudikira

Aphunzitsi ambiri okhala ndi mbiri ngati imeneyi sachedwa kupeza timu ina. Shell sadaipeze. Adabwerera ku ntchito yophunzitsa ma lineman, poyamba ku Kansas City Chiefs mu 1995 ndi 1996, kenako ku Atlanta Falcons kuyambira 1997 mpaka 2000, pansi pa mphunzitsi Dan Reeves. Mu Januwale 1999 Falcons idafika mu Super Bowl XXXIII koma idagonja ndi mapointi 34 kwa 19 kwa Denver Broncos, yomwe mphunzitsi wake anali Mike Shanahan, munthu yemwe Shell adalowa m'malo mwake ku Raiders zaka pafupifupi 10 m'mbuyomo.

Atachoka ku Atlanta adakagwira ntchito ku likulu la NFL. Kumeneko ankamva ma apilo a osewera omwe apatsidwa zilango, ndipo mu 2004 adakwezedwa kukhala mmodzi wa akuluakulu oyang'anira kayendetsedwe ka masewero mu ligi yonse.

Kubwerera mu 2006

Mu Febuluwale 2006 Davis adaitananso Shell. Raiders, yomwe idabwerera ku Oakland mu 1995, inali itachita moipa zaka zitatu zotsatizana. Ulendo wachiwiriwu udatha moipa kwambiri. Timuyi idagonja masewero asanu oyambirira, idapambana awiri okha, pa Arizona Cardinals ndi Pittsburgh Steelers, kenako idagonja masewero 9 otsiriza.

Vuto lalikulu lidali mbali yomenya nkhondo. Raiders idapeza mapointi 168 okha pa masewero 16, ndipo katatu idatuluka m'bwalo yopanda pointi. Oponya mpira ake adagwetsedwa maulendo 72, kuposa a timu ina iliyonse chaka chimenecho, zomwe zidali zowawa kwa mphunzitsi amene adatchuka ndi kuteteza oponya mpira. Shell adadzudzulidwa kwambiri chifukwa chopereka udindo wokonza kamenyedwe ka nkhondo kwa Tom Walsh, mnzake wakale yemwe anali atachoka mu NFL kuyambira 1994 ndipo ankayendetsa nyumba yogona alendo ku Idaho. Walsh adatsitsidwa pa udindowo sizoni isanathe. Padalinso kusamvana pakati pa Shell ndi osewera ena, makamaka Jerry Porter.

Pa 4 Januwale 2007 Shell adachotsedwa kachiwiri. Pophatikiza maulendo onse awiri, iye adapambana masewero 56 a mu ligi ndi kugonja 52. Sadaphunzitsenso timu ina.

Lamulo la Rooney

Khomo lomwe Shell adatsekula silidatseguke msanga kwa ena. Dennis Green adalembedwa ntchito ndi Minnesota Vikings mu 1992, Ray Rhodes ndi Philadelphia Eagles mu 1995, Tony Dungy ndi Tampa Bay Buccaneers mu 1996, ndipo Herman Edwards ndi New York Jets mu 2001. Kumayambiriro kwa 2002 Green ndi Dungy onse adachoka pa maudindo awo ngakhale anali ndi mbiri yopambana, monga momwe zidachitikira kwa Shell mu 1995.

Chaka chomwecho maloya awiri, Johnnie Cochran ndi Cyrus Mehri, adatulutsa lipoti losonyeza kuti aphunzitsi akuda ankachita bwino koma ankachedwa kulembedwa ntchito ndipo ankachotsedwa msanga. Ligi idakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Dan Rooney wa Pittsburgh Steelers, ndipo mu 2003 lamulo lodziwika ndi dzina lake lidayamba kugwira ntchito. Lamuloli silidakakamize timu kulemba munthu wina aliyense. Lidangolamula kuti timu yomwe ikufuna mphunzitsi wamkulu iitane ku mayeso a ntchito munthu mmodzi kapena kuposerapo wochokera m'mitundu yomwe idasalidwa. Mu 2003 mkulu wa Detroit Lions, Matt Millen, adalipitsidwa chindapusa cha madola 200,000 chifukwa cholemba mphunzitsi osatsata lamuloli.

Mu sizoni ya 2006 mu ligiyi mudali aphunzitsi akuluakulu akuda 7, kuphatikizapo Shell. Pa 4 Febuluwale 2007, patangotha mwezi umodzi Shell atachotsedwa, matimu onse awiri mu Super Bowl XLI adatsogozedwa ndi aphunzitsi akuda. Indianapolis Colts ya Tony Dungy idagonjetsa Chicago Bears ya Lovie Smith ndi mapointi 29 kwa 17.

Lamuloli lidakulitsidwa mu 2009 kuti likhudzenso maudindo a akuluakulu oyendetsa matimu, ndipo mu 2020 chiwerengero cha oyenera kuitanidwa pa udindo wa mphunzitsi wamkulu chidakwezedwa kufika pa awiri. Komabe mtsutso sudathe. Mu Febuluwale 2022 mphunzitsi Brian Flores adasumira ligi ndi matimu ena ku khoti, ponena kuti mayeso ena a ntchito ankangochitika mwamwambo, timu itasankha kale munthu amene ikumufuna.

Ulemu womwe adalandira

Kupatula kulowa mu Pro Football Hall of Fame mu 1989, Shell adaikidwa m'timu ya osewera opambana a zaka za m'ma 1970. Mu 2013 adalowetsedwa mu College Football Hall of Fame chifukwa cha zomwe adachita ku Maryland State College, sukulu yomwe idasiya mpira wa ku America itatha sizoni ya 1979. Mu 2019, pokumbukira masizoni 100 a NFL, akatswiri adasankha osewera 100 opambana m'mbiri ya ligiyi, ndipo Shell adali mmodzi mwa ma tackle 7 omwe adalowa pa mndandandawo.

Al Davis, yemwe adamulemba ntchito ya uphunzitsi wamkulu kawiri ndi kumuchotsa kawiri, adamwalira pa 8 Okutobala 2011. Timu ya Raiders idasamukira ku Las Vegas mu 2020.